Chilatini cha a Matuza

Khalani pansi ana inu. Sukulu atseka, boma lati sabata ino aliyense akhale pakwawo, ndiye palibe kothawira. Takondwa, foniyo iyambe yapuma. Limbani, leka kumukoka makutu galuyo. Dzulo munandifunsa chimene ndinaseka mpaka kutsamwa pamene bambo anu anandiuza mtundu wa galu wanuyu, ine ndinati ndikuuzani mawa. Mawa lake ndi lero. Ine ndiziyankhula Chichewa, inu muziyankha Chingerezi chanu cha m'mphunocho, tizimvana monga mwa masiku onse.

Akuti galuyu ndi Labrador. Tamuonani. Chibwerere muno ntchito yake ndi kudya, kugona pa matailosi pozizira, ndi kufukula nkhwani zanga kuseri kwa nyumba. Komatu m'Chisipanishi labrador ndi mlimi, munthu wolawirira kumunda nkhuku zisanatsike. Takondwa anandiwerengera pafoni kuti agaluwa anatengera dzina la dera lina lozizira la ku Canada, ndipo deralo linatengera dzina kwa Mpwitikizi wina woyenda panyanja amene kwawo anali mwini minda. Zimenezo ndamvera kwa iwe Takondwa. Koma za mlimizo ndinazidziwa kale, amayi anu asanabadwe. Ku Sipeni sindinapondeko. Anandiphunzitsa munthu wina ndili mnyamata, ndipo tsiku limenelo ndinali wamwano kwambiri.

Ndiyambire kwa abambo anga, agogo awo a amayi anu. Iwo anakhala zaka zambiri ku Halale, kugwira ntchito m'minda ya azungu. Anabwerako ndi jasi limodzi, njinga yopanda mabuleki, ndi msana wopindika. Za kumeneko sankakamba. Chimene ndinkamva kawirikawiri ndi chakuti iwo anakhala leba moyo wawo wonse, ndipo mwana wawo sadzakhala leba. Mawu akuti leba ankawatchula ngati akulavula chinthu chowawa. Pamudzi pathu ndiwo ankatsogolera mapemphero Lamulungu lililonse limene wansembe sanabwere, ndiye atamva kuti ine ndasankhidwa kupita ku seminale, kumene anyamata amaphunzira kuti adzakhale ansembe, anayenda mudzi wonse kuuza ngakhale anthu amene sanawafunse.

Ulendo wake inu simungaumvetse. Kuno mukafuna mkaka mumalowa m'galimoto, chifukwa m'tauni yonse ino ya Ellenbrook mulibe woyenda pansi kupatula ine ndi azimayi othamanga m'mawa aja. Ife tinayenda kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa pamutu kuti tikafike pamsewu, abambo atasenza sutikesi yanga ya malata. Nsapato zanga zoyamba ndinazikoloweka m'khosi, kuopa kuti zingathe ndisanafike. Kamba wathu anali mbatata yootcha ndi chiponde m'kachitini. Pamsewu tinadikira lole mpaka madzulo, ndipo itabwera ndinakwera pamwamba pa matumba a mtedza. Abambo anaima pomwepo chipewa chili m'manja mpaka fumbi linawabisa.

Ku seminale ndinapeza chinthu chimene mutu wanga unachikonda, ndicho Chilatini. Masiku amenewo Misa yonse inali ya m'Chilatini, chilankhulo cha Aroma akale. M'mawa uliwonse tinkaimirira ndi kumalakatula ngati achule a m'dambo: laboro, laboras, laborat, kutanthauza ndigwira ntchito, ugwira ntchito, agwira ntchito. Anzanga ankavutika nazo, ine zinkangolowa. Pofika chaka chachitatu ndinali woyamba m'kalasi, ndipo ndinayamba kuyenda ngati ndavala kale mkanjo. Limbani, ukamayenda muno utagoletsa chigoli chimodzi pa mpira, ndimakuona, ndipo ndimadziwa kumene unatengera.

Madzulo aliwonse tinkapita kumunda wa seminale, chifukwa mgaiwa ndi nyemba zimene tinkadya tinkalima tokha. Woyang'anira kumundako anali Bulazala Eusebio wa ku Sipeni. Bulazala si wansembe, sachita Misa. Iye ntchito yake inali minda, ng'ombe ndi chigayo. Anali wamfupi, wakuda ndi dzuwa, wonunkha adyo, ndipo manja ake anali ngati khungwa la mtengo. Tinamutcha a Matuza, poti aliyense wogwira naye ntchito ankabwerako ndi matuza m'manja. Chichewa anaphunzira kwa abusa a ng'ombe, ndiye ankatukwana mosadziwa, ansembe n'kumagwira pakamwa. Ife tinkamuderera chifukwa m'tchalitchi Chilatini chake chinkapunthwa. Tinkati mzungu wanji wosadziwa buku.

Tsiku lina nthawi yobandira chimanga, ine ndinazemba. Ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe ndi buku langa la galamala. A Matuza anandipeza. Sanakalipe. Anakhala pansi pambali panga, n'kundiuza kuti ndiwawerengere pamene ndinatsegula. Ndinawerenga mokweza, monyada, mawu akuti laborare, kugwira ntchito. Anati ndibwereze, ndinabwereza. Anati ndibwereze msangamsanga ngati munthu wotopa amene akufuna kukagona. Ndinachita mpaka lilime linayamba kudumpha zilembo. Pamenepo anandigwira paphewa.

"Wamva? Kwathu mawu amenewa alipo mpaka lero, koma anatha ngati khasu lakale. Timati labrar, kulima. Abambo anga ndi labrador."

Kenaka anandifotokozera za kwawo, dziko la miyala ndi mphepo, kumene abambo awo ankalima tirigu ndi bulu mmodzi. A Matuzawo anasiya sukulu ali aang'ono kuti azitsata buluyo. Anati anamva kwa wansembe wa kwawo kuti Aroma ankatchula mawuwa pa ntchito iliyonse yolemetsa, ngakhalenso pa kuvutika kumene, monga munthu akamabuula ndi matenda. Koma anthu a kwawo ntchito imene ankaidziwa inali imodzi, ndiye mawuwo anakakhazikika kumunda.

Mukuganiza kuti ndinathokoza? Ndinawayang'ana m'maso, zimene mwana sankachita kwa wamkulu masiku amenewo, n'kunena kuti ine sindinabwere kuno kudzakhala leba. Iwo anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati leba nayenso ndi wa m'banja lomwelo, anangodzera njira ya Chingerezi. Atatero anandilanda bukulo, n'kundipatsa khasu lawo lomwe, ndipo ndinabandira mpaka belu linalira, mtima uli fuu.

Apa ndiime pang'ono, poti inu Chingerezi ndiye chanu. Takondwa, tatchula mawu a ntchito aja. Eya, labour. Nanga kuja anatumiza kathonje kamene anawapisa amayi anu m'mphuno mwezi watha, kuti akaone ngati ali ndi korona? Laboratory, ife timati labotale, nyumba yogwiriramo ntchito. Nanga aphunzitsi ako akamati pakompyuta muchite collaborate ndi anzako, si kugwirira ntchito pamodzi kumeneko, chimene ife tinkachita pa dima, kulimira munda wa mnzathu n'kumwa thobwa? Onsewo kholo lawo ndi limodzi. Chisipanishi ndi mwana wobadwa m'mimba mwa Chilatini. Chingerezi ayi, icho chinangotola mawuwa, ena kudzera kwa Afalansa, ena m'mabuku a anthu ophunzira. Ife tinatola kwa Angerezi. Ndipo kuvutika kuja kumene Aroma ankanena sikunatayike. Kuchipatala kwathu, chipinda chimene amayi amachiriramo timati ku leba. Tsiku limene amayi anu ankabadwa ndinakhala panja pa chipinda chimenecho pansi pa mtengo wa mango, ndikumva agogo anu akubuula, ndipo ndinaganiza kuti Aroma aja sananame.

Agogo anu aakazi a Filomena, amene inu munangowaona pa chithunzi chili pabalazacho, ndiwo anandichotsetsa ku seminale, ngakhale iwo mpaka kumwalira ankakana mlanduwo. Ndinawaona patchuthi, akuimba kwaya kutchalitchi kwathu. Sitinalankhulane zambiri. Nditabwerera kusukulu ndinawalembera kalata ya masamba atatu, ndipo pofuna kuonetsa kuphunzira ndinathiramo ndi Chilatini chomwe, munthu woti sakanachimva. Usaseke Takondwa, zimene umalemba pafonipo ndimaziona ukamamwetulira wekha. Kalatayo ndinaibisa m'buku lotanthauzira mawu podikira munthu wopita kwathu. Bukulo mnzanga wina anabwereka, kalata inagwa m'kalasi, ndipo inafika kwa wansembe wamkulu.

Anandiitana mu ofesi. Sanandinyoze. Anandifunsa ngati zimene ndinalembazo zinali zochokera mumtima. Ndikananama, mwina akanandikhululukira. Koma ndinavomera. Iwo anati ndiye njira yanga ndi ina, ndipo si njira yoipa, koma si ya pano. M'mawa mwake a Matuza ananditengera pa ngolo mpaka pamsewu. Ponditsitsa anandipatsa buledi wouma wopaka adyo, atamukulunga m'pepala.

Unali mwezi wotentha, anthu akusosa m'minda. Nditafika pakhomo ndi sutikesi yanga pamutu, abambo anali pakhonde akusema mpini. Ndinagwada, ndinafotokoza zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupitiriza kusema. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundilankhula. Sanandimenye, sanandithamangitse. Akafuna kuti ndichite kanthu ankauza amayi, ine ndili pomwepo. Lamulungu anasiya kutsogolera mapemphero, ankakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Kumunda iwo ankayambira mbali iyi, ine mbali iyo, ndipo tikayandikana ankatembenuka. Anyamata a pamudzi akandiona ndi khasu ankandigwadira mwachipongwe, amvekere tidalitseni abambo. Manja anga anali ofewa, anatuluka matuza, matuzawo anaphulika. Koma chimene chinkandiwawa chinali chete wa abambo. Ndinayamba kuganiza zothawira ku Halale, ndipo ndinali nditafunsa kale njira kwa munthu wina amene ankapita.

Mvula yoyamba itagwa, tsiku lina masana tinamva ana akukuwa kumsewu. Tinaona ngolo ikubwera, ng'ombe ziwiri zikukoka, pamwamba pali a Matuza ndi chipewa chawo cha mlaza. Anayenda masiku awiri. M'ngolomo munali pulawo, khasu lija lokokedwa ndi ng'ombe. Anati anapempha chilolezo kwa akuluakulu kuti akaonetse anthu a m'midzi kalimidwe ka ng'ombe, ndipo anasankha kuyambira mudzi wathu. Ine ndinadziwa kuti sanasankhe mwangozi. Kwathu kunali kusanafikepo pulawo. Ena ankati imaononga nthaka, ena ankati kugwiritsa ng'ombe ntchito ndi nkhanza. Abambo anawalonjera alendowo mwaulemu, n'kunena kuti iwo alibe nazo mawu. Koma paja kwathu munda ndi wa amayi, abambo anali mkamwini. Amayi anati alime.

Ng'ombezo mayina ake anali Moreno ndi Lucero, ife tinkati Moleno ndi Lusero. Kulima ndi ng'ombe kumafuna anthu awiri, wina kutsogolo ndi chingwe, wina kumbuyo atagwira pulawo. A Matuza anatsogola, ine ndinagwira. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera, abambo anakakhala patali pamwamba pa chulu. Mzere wanga woyamba unali ngati njira ya njoka. Wachiwiri pulawo inakodwa pa chitsa, chogwirira chinandimenya m'nthiti, ndinagwa chagada m'matope. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Tsiku limenelo tinalima kadera kochepa, koti amayi akanakamaliza ndi khasu.

M'mawa mwake a Matuza anadzuka akunjenjemera. Anali malungo, ndipo sikunali kunamizira, thupi linali moto. Amayi anawagoneka pamphasa ndi kuwafunditsa bulangete. Iwo anandiuza kuti nthaka siyembekeza wodwala, ndipite. Ndinamanga ng'ombe pagoli ndekha, movutika, ndinapita nazo kumunda. Popanda wotsogola, ng'ombe zinachita zofuna zawo. Zinandikokera m'munda wa eni ake, zinapita kukaima pa nthochi n'kuyamba kudya masamba. Ndinakoka, ndinakuwa, ndinazitchula mayina, sizinasunthe. Ndinakhala pansi pomwepo, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinalira, mnyamata wamkulu wa ndevu zoyamba.

Sindinawamve akubwera. Ndinangoona dzanja likutola chingwe. Abambo anayendera ng'ombezo mbali zonse, anakonza goli limene ine ndinamanga mopotoka, anamukanda Moleno pansi pa khosi, n'kuliza kamluzu kena kamene ndinali ndisanakamvepo. Ng'ombe zinatembenuka ngati ana omvera. Kani ku Halale kuja ntchito yawo inali imeneyi, zaka zonsezo, ndipo sanauzepo munthu. Anazibweretsa poyambira mzere, anaima osandiyang'ana, mpaka ndinadzuka ndi kugwira pulawo. Titayenda pang'ono anaima.

"Usamayang'ane pansi. Yang'ana mtengo wa mthethe uwo, uziupita."

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene anandilankhula chibwerere changa. Tinalima mpaka dzuwa linafika pamutu. Pobwerera anandiuza kuti ng'ombe zimayamba kumwa, munthu pambuyo. Za seminale sanazitchule tsiku limenelo, ndipo sanadzazitchulenso.

A Matuza anachira patapita masiku anayi, anakhala nafe sabata ina, akulimira aliyense wofuna, kenaka anabwerera ndi ng'ombe zawo. Chaka chotsatira ine ndi abambo tinaphunzitsa ng'ombe zathu ziwiri za m'khola la atsibweni, poyamba kuzikoketsa chipika, kenaka pulawo yakale imene a Matuza anatitumizira. Za ku Halale ndinaziiwala. Ndinakwatira a Filomena, amene anandiuza kuti kalata ija akanailandira akanayatsira moto. Tinalima mtedza, chimanga, nyemba, ndipo pambuyo pake ndinakhoma ngolo yanga. Amayi anu amene lero amavala yunifolomu yoyera kukasamalira okalamba, sukulu yawo inachokera kumbuyo kwa ng'ombe. A Matuza anadzabwerera kwawo chifuwa chitawavuta. Ananditumizira khadi limodzi la chithunzi cha mapiri ouma, ndipo pa adiresi, patsogolo pa dzina langa, analemba kuti Labrador. Wa positi anandifunsa ngati ndasintha dzina. Sindinamvenso za iwo.

Ndiye mukamandiona ndikulimbana ndi mchenga wa kuseriku musamandiseke. Ndinabwera kuno kwa miyezi itatu yokha, kudzaona Limbani akulandira Ukalistia woyamba. Malire anatsekedwa, ndege zinaima, ndipo chaka chatha tsopano. Chiyambire tsiku la mthethe lija, dzinja lino ndi loyamba kugwa mvula kwathu ine osagwira pulawo. Mwana wa mlongo wanga ndiye walima, ananditumizira kanema pafoni. Chimanga chili bwino, chamasula, koma mizere yake ndinangotseka maso. Kuno nthaka ndi mchenga wokhawokha, ukathira madzi amangolowa ngati wathira m'dengu. Bambo anu pochokera kuntchito ku Welshpool anandibweretsera manyowa a m'thumba la pulasitiki ogula m'sitolo, olembedwa ndi kulembedwa. Ndinawathokoza, ndi mkamwini wabwino, koma ndinaganiza za khola langa limene manyowa ake tinkasowa kowataya. Fungo la nthaka yathu ikagalauzidwa mvula itagwa, akakowa akutsata pambuyo kutola mphutsi, limenelo m'thumba mulibe.

Nditsirize ndi abambo. Anakalamba kwambiri, mpaka amayi anu anawaona. M'chaka chawo chomaliza sankatha kuyenda, tinkawanyamula kuwaika pakhonde kuti aziona ng'ombe zikamatuluka. Atafooka kwenikweni tinatuma uthenga ku parishi kuti kubwere wansembe adzawadzoze mafuta a odwala. Ine ndinali kumunda pamene anandiitana kuti alendo afika. Ndinathamanga momwemo, matope mpaka m'mawondo, malaya ong'ambika paphewa. Nditasuzumira m'nyumba ndinapeza kuti wansembeyo ndi Sitefano, amene tinkakhala benchi limodzi ku seminale, yemwe ndinkamuthandiza Chilatini. Anali atavala mkanjo woyera, nsapato zopukuta, manja osalala. Manyazi amene ndinkaganiza kuti anatha kalekale anandibwerera onse. Ndinaima pakhomo, osafuna kulowa, poganiza kuti abambo akamuona iye ndi kundiona ine, aona chimene anataya.

Mapemphero atatha, abambo anatsegula maso n'kufunsa ngati ndabwera. Amayi anga anati ndili pakhomo. Anakodola ndi dzanja kuti ndiyandikire, ndinagwada pambali pa mphasa. Anagwira dzanja langa lamatopelo, n'kulitembenuza kuti wansembe aone chikhatho, kenaka anafunsa wansembeyo.

"Abambo, uyu mumamudziwa? Ndi mwana wanga woyamba. Mudzi uno sunagonepo ndi njala chiyambire iyeyu kulima."

Sitefano anati amandidziwa bwino. Abambo anati ayi, simumudziwa, mukapite mukaone munda wake musanakwere njinga yanu. Ndipo anapitadi, ndinamuperekeza, mkanjo atakwinyira m'manja kuopa matope, tinayenda mpaka kumalire. Abambo anamwalira patapita masiku awiri, chimanga chili m'mawondo. Titaika maliro, ndinakhala masiku a mwambo pakhomo, kenaka ndinapita kukapalira, poti udzu unali utakula.

Lero ndalekeza pamenepa, kukhosi kwauma. Limbani, kanditungire madzi, usathiremo ayezi.